Kachirombo kagona, koma BP ili maso

Pamene tinkafika pa doko lina la kwa T/A Maganga m'boma la Salima, ngalawa za usipa zinali zitangokocheza kumene. Amayi anali pikitipikiti kuyanika nsomba pa matandala, alovi akuwerengerana ndalama pansi pa mtengo, ndipo a kabaza akulimbirana madengu opita ku Kamuzu Road. Ife sitinadzere nsomba. Tinadzazonda mnzathu, bambo wa zaka 57 amene kwa nthawi yaitali wakhala mzati wa gulu la anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV m'deralo. Anatilola kulemba nkhani yawo, koma dzina lawo sititchula.

Tinawapeza atakhala pa mkeka pakhonde, atatsamira khoma. Anatipatsa moni ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali lende pa ntchafu. Mawu ankatuluka movutikira, moti zambiri anatifotokozera ndi mayi a kunyumba kwawo.

Bambowa anayamba kumwa ma ARV m'chaka cha 2006, atafika kuchipatala atanyamulidwa pa njinga, thupi litatheratu. Anachira, anabwerera pa nyanja, mpaka anagula chilimira chawochawo ndi kulemba anyamata ntchito. Ana awo onse anawaphunzitsa ndi ndalama ya usipa. Pa zaka zonsezi sanadumphitsepo mankhwala, ndipo ndi iwo amene ankayenda m'madoko kukasaka anzawo osiya mankhwala ndi kuwabweza kuchipatala.

Tsiku lina masana akusoka ukonde, chingwe chinangowapulumuka m'manja. Pofuna kuitana mnyamata wawo, lilime linakana. Poti aimirire, anagwera mumchenga. Anthu amene anathamangirapo anaona pakamwa patapotokera mbali imodzi, ndipo nthawi yomweyo mawu anayamba kuyenda pa dokopo akuti bwanawa awamenya hamala chifukwa cha nsanje, popeza ngalawa yawo inkapha kwambiri mwezi umenewo. Abale anawatengera kwa sing'anga. Kuchipatala anafika patapita masiku awiri, ndipo achipatala atayeza anapeza BP ili pa 190/110.

Mayi a kunyumba anatitulutsira mabuku a kuchipatala a amuna awo, atakulungidwa bwinobwino mu jumbo. Tinawatsegula limodzi tsamba ndi tsamba. Sikelo inalembedwa ulendo uliwonse. Zotsatira za magazi zinkasonyeza kuti kachirombo kanagona kalekale, sikaonekanso n'komwe poyeza. Koma nambala ya BP tinaipeza malo awiri okha, ndipo yomaliza inalembedwa zaka zisanu zapitazo. Inali yokwera kale.

Takula, ndipo matenda a akuluakulu atipeza

Amene tinalipo tikukumbuka mmene zinthu zinalili boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Munthu akamupeza ndi kachirombo sankaganizako za ukalamba. Nkhawa inali ya chifuwa chachikulu, kutsekula m'mimba, mashingozi ndi za amene adzasunge ana. M'kalata ngati ino tinkalemba za chisamaliro cha odwala kumudzi, za ana amasiye ndi za kulemba wilo.

Lero zinthu zinasintha. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu omwe ankadziwa kuti ali ndi kachirombo m'Malawi muno, pafupifupi 98 mwa 100 alionse anali pa mankhwala, ndipo mwa omwe anali pa mankhwalawo pafupifupi 97 mwa 100 kachirombo kanali katagona. Mnyamata amene anayamba Triomune ali ndi zaka 35 m'chaka cha 2005 tsopano wadutsa zaka 50, ali ndi imvi ndi zidzukulu. Imeneyi ndi nkhani yoyamika Mulungu. Koma imvi sizibwera zokha. Zimabwera ndi BP, shuga, matenda a mtima ndi a impso, ndipo kumapeto kwa msewu umenewu kuli sitiroko, matenda amene ambiri timawatchula kuti kufa ziwalo.

Vuto la BP si la anthu omwe ali ndi kachirombo okha. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse lino, pa kafukufuku wotchedwa STEPS. Munthu mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 mwa anthu amenewa sankadziwa kuti ali ndi vutoli. Akumudzi anali nayo chimodzimodzi ndi a m'tauni. Choncho zoti BP ndi matenda a mabwana a ku Area 10 tiziiwale.

Kodi sitiroko imachitika bwanji?

Ubongo umadya kudzera m'magazi. Mbali iliyonse ya ubongo ili ndi mtsempha wake wobweretsa magazi, ngati mmene ngalande zimagawira madzi m'mapuloti a mpunga ku Lifuwu. Ngalande imodzi ikatsekeka, puloti yake imauma. Ikagumuka, madzi amasefukira n'kuononga mbewu. Sitiroko ilinso mitundu iwiri yomweyi: mtsempha umatsekeka ndi magazi oundana, kapena umaphulika magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Odwala ambiri amakhala a mtundu woyambawu.

Mbali ya ubongo yomwe yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo ntchito yomwe mbaliyo imagwira imaima. Ubongo wa kumanzere umalamulira thupi la kumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi kumenekonso kumachokera kulankhula. N'chifukwa chake bambo athu aja anafa dzanja ndi mwendo wa kumanja, mawunso n'kuvuta.

BP yokwera imagwira ntchito yake mwakachetechete. Magazi akamathamanga mwamphamvu kwa zaka zambiri, mitsempha imauma, imachepa m'kati, ina imafooka. Munthu samva kanthu. Ambiri timaganiza kuti BP ikakwera mutu uwawa kapena mtima ugunda, ndiye poti sitikumva chilichonse ndiye kuti tili bwino. Ayi ndithu. Njira yodziwira ndi imodzi yokha, kuyezetsa. Nambala ikamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, imeneyo ndi BP yofunika chithandizo.

Zomwe anapeza ku chipatala cha Gulupu

Funso lomwe anzathu m'magulu amatifunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi ndi kachirombo kapena ndi ma ARV amene akugwetsa anthu? Funsoli linafufuzidwa kwathu konkuno. Madokotala motsogozedwa ndi Dr Laura Benjamin anayeza odwala sitiroko 222 pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kuwayerekeza ndi anthu 503 a m'madera omwewo amene sanadwalepo matendawa. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2016.

Choyamba, BP ndiyo inali patsogolo. Akatswiriwa anawerengera kuti pa sitiroko 100 zilizonse, pafupifupi 46 gwero lake linali BP yokwera, pamene pafupifupi 15 gwero lake linali HIV. Mwa anthu achikulire BP ndiyo inkalamulira. Mwa a zaka 45 kutsika m'munsi, HIV ndiyo inali chifukwa chachikulu.

Chachiwiri, chiopsezo chinali chachikulu kwa anthu omwe anali ndi kachirombo koma sanayambe mankhwala. Kachirombo kakamaswana momasuka kamatupitsa m'kati mwa mitsempha ya magazi ndi kuchititsa kuti magazi aziundana msanga. Kamatsegulanso khomo kwa matenda ena okhudza ubongo monga chifuwa chachikulu cha mu ubongo, chindoko chokhalitsa ndi kachirombo koyambitsa mashingozi, ndipo onsewa angathe kuononga mitsempha.

Chachitatu ndi chimene chimafunika kuchimvetsa bwino, chifukwa ena akachimva theka amakachilalikira molakwika. Chiopsezo chinakwera kwambiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba munthu atayamba ma ARV, makamaka kwa amene anayamba mochedwa chitetezo chitatsikiratu. Chitetezo chimene chinagona chikadzuka mwadzidzidzi chimamenya nkhondo paliponse, ndipo mitsempha imatha kuvulala pa nkhondoyo. Miyezi imeneyi ikadutsa, chiopsezo chimatsika. Pa nthawi ya kafukufukuyu munthu ankadikira kuti chitetezo chitsike kaye asanapatsidwe mankhwala. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala nthawi yomweyo, ndipo ubwino wake ndi womwewu: woyamba msanga, chitetezo chikadali chokwera, sakumana kwenikweni ndi vutoli. Wosiya ma ARV poopa sitiroko akudziitanira yekha sitirokoyo, ndipo tsiku limene adzayambirenso adzadutsanso m'miyezi yoopsa ija.

Za kunenepa

Pali nkhani ina yomwe timaizemba m'magulu mwathu. M'zaka zija munthu wowonda ankalozedwa chala. Titayamba mankhwala n'kuyamba kunenepa, abale ankaombera m'manja, ifenso tinkanyadira kuti tabwerera. Mpaka lero alipo amayi amene safuna kutsika sikelo ngakhale pang'ono poopa kuti anthu ayamba kunena kuti matenda aja abweranso. Timawamvetsa, chifukwa manyazi a nthawi ija ena a ife sanatichokebe.

Koma kuyambira 2019 ambiri tinasinthidwa kupita ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu, amagoneka kachirombo msanga ndipo savuta kumwa, koma akafukufuku aona kuti anthu ena, makamaka amayi, amanenepa nawo. Mimba ikamakula, BP ndi shuga zimatsatira. Yankho si kusiya mankhwala. Yankho ndi kuyang'ana sikelo imene amatilemba ija ndi diso lina. Kale tinkasangalala ikakwera. Lero ikamangokwera ulendo uliwonse, tifunse adokotala.

Eni ngalawa ndi ogula nsomba ali pa chiopsezo china chapadera. Mlovi amapalasa, amakoka ukonde usiku wonse, thukuta lili kamukamu. Koma akatukuka n'kukhala bwana, amayamba kukhala pansi pa mthunzi kudikira ngalawa, pambali pali chipisi, kanyenya ndi botolo. Fodya, kaya wa m'sitolo kaya chingambwe, amaumitsa mitsempha, ndipo kwa munthu amene ali ndi kachirombo ndi kuthira mafuta pa moto. Kachasu ndi mowa wina waukali zimakweza BP, komanso zimaiwalitsa mankhwala.

Phunziro la mchere lochokera ku China

Dziko limene lavutika kwambiri ndi sitiroko ndi China. Akatswiri a kumeneko anawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo okwana 17.8 miliyoni anali atadwalapo sitiroko. Chiwerengerochi chikuposa pang'ono anthu onse a m'Malawi amene anawerengedwa pa kalembera wa 2018. M'chaka chimodzi chomwecho anthu 3.4 miliyoni anagwidwa koyamba ndipo 2.3 miliyoni anamwalira. Zifukwa zake si zachilendo kwa ife: BP yosayezedwa, fodya pakati pa abambo, shuga, kunenepa, ndi mchere wambiri m'zakudya, makamaka m'midzi ya kumpoto kwa dzikolo kumene anazolowera kusunga ndiwo ndi mchere.

Kumidzi imeneyi kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2021. Anatenga midzi 600, anthu 20,995, ambiri mwa iwo odwalapo kale sitiroko kapena achikulire a BP. Theka la midziyo linapitiriza kudya mchere wa nthawi zonse. Theka linalo linapatsidwa mchere wosakaniza, magawo atatu mchere wamba ndi gawo limodzi potaziyamu. Patatha pafupifupi zaka zisanu, sitiroko inachepa ndi 14 pa 100 m'midzi ya mchere wosakaniza, ndipo imfa zinachepa ndi 12 pa 100. Sanamange chipatala chatsopano, sanabweretse makina. Anangosintha zomwe zinali m'kambale ka mchere.

Mchere wosakanizawu ife sitinauonepo m'magolosale a ku Senga Bay kapena ku Chipoka, ndipo ngakhale mutaupeza ku Lilongwe musaugule musanafunse achipatala. Potaziyamu ndi woopsa kwa munthu wa vuto la impso, ndipo Bactrim amene ambiri timamwa, komanso mankhwala ena a BP monga enalapril, amachulukitsa kale potaziyamu m'magazi. Chimene tikutolapo pa nkhani ya ku China ndi chakuti mchere wa m'nyumba ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo, wa m'buledi ndi wina uliwonse. Tiyeni tiwerengere tokha za kunyanja kuno. Usipa wofutsa umawiritsidwa m'madzi a mchere usanayanikidwe. Pophika timathiranso mchere, kenaka timaponyamo kachibulo kokometsera ndiwo komwe nakonso ndi mchere wokhawokha. Pakudya, bambo amapempha kambale ka mchere pambali asanalawe n'komwe. Masana pa chiwaya, chipisi chimathiridwa mchere ndi dzanja lodzaza. Nsomba payokha ilibe mlandu, ndi chakudya chabwino kwa mtima ndipo tili ndi mwayi kuti tili nayo pakhomo. Nsomba yofutsa iviikidwe kaye m'madzi ndi kutaya madzi oyambawo. Kambale ka pambali kachoke pa mphasa. Masabata awiri oyamba ndiwo zimamveka zosakoma, kenaka lilime limazolowera. Amayi a m'gulu lina la ku Lifuwu anatiuza kuti tomato, anyezi, mandimu ndi tsabola pang'ono zimawathandiza kuti abambo asadandaule.

Nkhani ya hamala

Sitikufuna kunyoza aliyense. Munthu amene anadzuka bwinobwino m'mawa akagwa masana n'kusiya kulankhula, mtima umafuna chifukwa, ndipo pa doko pamene pali mpikisano wa ndalama chifukwa sichisowa. Koma taona mabanja akupasuka, agogo osalakwa akuthamangitsidwa m'mudzi, pamene wodwalayo ali gone m'nyumba osalandira chithandizo. Akatswiri amati pa mphindi iliyonse imene mtsempha waukulu watsekeka, tizigawo ta ubongo pafupifupi 2 miliyoni timafa. Masiku awiri a kwa sing'anga ndi ochuluka kwambiri.

Zizindikiro zake mwana wa sukulu angathe kuzidziwa. Muuzeni munthuyo amwetulire: kodi pakamwa papotokera mbali imodzi? Muuzeni akweze manja onse awiri: kodi limodzi likugwa? Muuzeni atchule dzina lake ndi mudzi wake: kodi mawu akumveka? Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikalakwika, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Ena amayamba ndi kusaona mbali imodzi, kudzandira ngati woledzera, kapena mutu woopsa umene sanaumvepo chibadwire. Nthawi zina zizindikirozi zimabwera n'kutha zokha pa mphindi zochepa. Musanene kuti zadutsa. Limenelo ndi chenjezo lakuti yaikulu ili m'njira, ndipo masiku oyambirira ndiwo oopsa kwambiri.

Muli m'njira, mugonekeni chammbali. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, chifukwa ambiri ogwidwa sitiroko amalephera kumeza ndipo zakumwazo zimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Musamupatse asipirini mwa inu nokha, pakuti ngati mtsempha waphulika asipirini amawonjezera kutaya magazi. Tengani buku la kuchipatala ndi mabotolo a mankhwala onse, ndipo auzeni achipatala nthawi imene zinayamba ndiponso kuti wodwalayo ali pa ma ARV. Pamenepa chinsinsi chingaphe munthu. Kwa munthu amene ali ndi kachirombo, kufa ziwalo kungathenso kuyamba ndi matenda ena a mu ubongo amene ali ndi mankhwala ake ndipo amachizika. Achipatala cha boma ku Salima akaona kuti pakufunika kujambula mutu amatumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Mwayi umene anzathu alibe

Tikaganiza bwino, ife a ma ARV tili ndi mwayi umene mnzathu wopanda kachirombo alibe. Bambo wa zaka 55 amene alibe kachirombo angathe kukhala zaka khumi osaponda pa chipatala. Ife timapitako miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, tili ndi buku, achipatala amatidziwa ndi dzina, ndipo luso lomwa mankhwala tsiku ndi tsiku tinaliphunzira kalekale. Chotsala ndi kutambasula mkono.

Tikudziwa kuti pa tsiku la ma ARV mzere umakhala wautali ndipo namwino amakhala mmodzi. Pa chipatala china chaching'ono chimene tinapitako makina oyezera analipo koma mabatire anali atatha, ndipo wodwala wa BP ankauzidwa kuti abwerenso tsiku lina ku khomo lina. Kwa munthu wochokera kutali, ulendo wachiwiriwo ndi ndalama ya kabaza imene alibe. Pempho lathu kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma lino ndi lakuti munthu aziyezedwa BP ndi kulandira mankhwala ake pa khomo lomwelo limene amalandirira ma ARV, tsiku lomwelo, a miyezi yofanana. Koma podikira zimenezo, tizipempha tokha. Nenani mwaulemu kuti mukufuna kuyezedwa BP, ndipo nambalayo ilembedwe m'buku.

Mankhwala a BP monga HCT ndi amlodipine amamwedwa limodzi ndi ma ARV popanda vuto kwa anthu ambiri, bola adokotala adziwe zonse zomwe mukumwa. Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri ndi chakuti munthu amamwa mwezi umodzi, akamuyeza n'kupeza kuti yatsika amati wachira, n'kusiya. Yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Lamulo lake ndi lomwe lija la ma ARV. Asodzi opita ku chilumba cha Mbenje nyengo ikatsegulidwa, kumene amakhala masabata ambiri osabwera kumtunda, atenge mankhwala onse awiri okwanira. Paja malamulo a mfumu Makanjira saloleza mowa pa chilumbapo, ndiye kumeneko BP imapumako mbali imodzi.

Bambo athu aja tsopano papita miyezi isanu chigwereni. Ku chipatala anawaonetsa mafizo, ndipo mayi a kunyumba amawapinda ndi kuwongola dzanja ndi mwendo m'mawa ndi madzulo. M'masabata oyamba ankawatembenuza pafupipafupi usana ndi usiku kuti asachite zilonda za pamsana. Mwana wawo wamkulu anamanga nsungwi ziwiri kuchokera pakhonde kufika ku chimbudzi, ndipo bambowa amayenda atagwira nsungwizo. Ulendo wathu woyamba ankafika pakati n'kupuma. Ulendo uno anafika kumapeto n'kubwerera okha. Dzanja likuchedwa, ndipo achipatala sanawalonjeze kuti lidzabwereratu. Chilimira akuyendetsa ndi mwana wawoyo, koma ndalama zatsika, ndipo mayi anasiya geni yawo ya nsomba kuti azisamalira amuna awo.

Anzawo a m'gulu anasonkherana ndalama n'kugula makina oyezera BP a mabatire, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anaphunzitsa anthu awiri kagwiritsidwe ntchito kake. Amayeza pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense wopezeka ndi nambala yokwera amamulembera kakalata kopita nako kuchipatala. Anagwirizana kuti makinawo akhale a aliyense wa pa dokopo, kaya ali ndi kachirombo kaya alibe, kuti pasakhale wochita manyazi kubwera. Tsiku limene tinali kumeneko anawabweretsa pakhonde paja. Bambowo anatambasula mkono wamanzere ndipo nambala inali 138/86. Kenaka analoza mayi a kunyumba kwawo, amene chiyambireni anali asanayezedwepo. Mayiwo anakana kaye akuseka, amvekere iwo sadwala. Nambala yawo inali 164/98, ndipo kakalata kawo kanalembedwa pomwepo.